Pa Milange njinga yamoto yakale imafera m'mawaya

Munthu akawoloka mtsinje wa Muloza kuchokera ku Malawi, nadinditsa chiphaso chake pa chipata, amangoyenda kamtunda pang'ono basi wafika m'tauni ya Milange. Kumbuyo amasiya phiri la Mulanje ndi minda ya tiyi, kutsogolo kuli phiri la Tumbine limene lafungatira tauniyi ngati thadzi pa anapiye. Koma asanayambe n'komwe kusirira mapiriwo, makutu ake amakhala atadzaza kale ndi kulira kwa njinga zamoto.

Zili ponseponse. Ina yasenza matumba atatu a chimanga, ina mbuzi yomangidwa miyendo, ina bambo, mayi ndi mwana kumsana, nkhuku ziwiri zili lendelende pa chiwongolero. Pa msika wa Feira da Amizade, pamene pamakumana anthu a mayiko awiriwa, anyamata onyamula anthu amandandalika njinga zawo n'kumaitanira aliyense wodutsa, wina m'Chichewa, wina m'Chilomwe, wina m'Chipwitikizi. Tsidya lino amati mota, tsidya linalo amati njinga yamoto kapena thuthuthu, koma chinthu chake n'chimodzi, ndipo mavuto akenso ndi amodzi.

Akuluakulu amakumbukira nthawi imene tauniyi inali zii. M'chaka cha 1986 asilikali a Renamo analanda Milange, anthu nathawira ku Malawi, ambiri a iwo kungowoloka Muloza ndi zovala za m'thupi zokha. Boma linadzaitenganso tauniyi mu 1988, koma nyumba zambiri zinali zopanda madenga ndipo minda ya tiyi ya m'nthawi ya Apwitikizi inali itasanduka tchire. Pamene a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ku Malawi kunali othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Ambiri anabwerera kwawo mu 1993 ndi 1994, mitolo ili pamutu.

Chuma choyamba cha anthu obwerawo chinali njinga yakapalasa. Ndiyo inatuta chimanga cha ku Milange kukachitula pa Muloza ndi pa Limbuli zaka zimene ku Malawi kunagwa njala. Njinga zamoto za masiku amenewo zinali za ansembe, alangizi a zaulimi ndi antchito a mabungwe othandiza anthu: ma Yamaha AG ndi DT, ndi ma Honda ofiira aja. Munthu wamba ankangoziwonera kufumbi. Zinthu zinasintha chitadutsa chaka cha 2000, zitayamba kufika njinga zotsika mtengo zochokera ku China, zonga Lifo, Lifan ndi Sanlg. Lero msewu wa ku Mocuba ndi wa phula, koma njira zambiri zolowera m'midzi ya ku Majaua, ku Mongue ndi ku Molumbo zikadali za fumbi chilimwe ndi za matope dzinja. Kumeneko mota ndiyo basi, ndiyo lole, ndiyonso ambulansi.

N'chifukwa chake mlimi akagulitsa nandolo wake m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, mtima sukhala m'malo. Ndalama zogulira yatsopano sizikwana, koma zogulira yogwirapo kale ntchito zilipo. Amadzuka m'mamawa, ndalama atazimanga m'kansalu, ulendo wa ku tauni.

Njinga zakale sizikhala m'sitolo. Zimapezeka pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa msika, kapena pakhomo pa munthu amene mlamu wa mnzako akumudziwa. Tsiku logulitsa imakhala itasambitsidwa bwino, thanki ikunyezimira, matayala atapakidwa mafuta. Ogulitsa onse mawu awo amakhala ngati anapangana: "Achimwene, injini iyi ndi mkango. Kavuto n'kabatire basi, mukangogula batire yatsopano mwathana nazo." Wogula amaponda kiki, njinga n'kulira. Amatchera khutu kumvetsera injini, amasuzumira utsi, amatsina matayala, n'kuyenda nayo kukafika pa mphambano ndi kubwerako. Zonsezi zimachitika dzuwa lili pamutu, nthawi imene palibe amene amaganiza zoyatsa nyali. Mpando savundukula. Ndalama n'kuperekedwa.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere za njinga yakale zimakhala pansi pa mpando, pansi pa thanki ndi kuseri kwa nyali yakutsogolo, kumene kumadutsa mawaya. Sabata yoyamba zonse zimayenda bwino. Kenaka hutala imayamba kulira ngati mwana wa mbuzi wodwala. Babu ya kutsogolo imapsa, agula ina, nayonso n'kupsa. Mvula yoyamba ikangogwa, njinga imazima pakati pa njira, n'kudzalira yokha dzuwa likawala. Tsiku lina m'mawa imakaniratu, mwini wake n'kuponda kiki mpaka thukuta kamukamu.

Ikakana masana munthu amangotaya nthawi ndi ndalama. Choopsa n'chakuti matenda ndi uchembere sizisankha ola. Amene anatengapo mayi wapakati usiku kupita naye ku chipatala, nyali n'kuthima pa mlatho wa mitengo, mnyamata wa kumbuyo akuunikira njira ndi foni, ameneyo sangakuuzeni kuti vuto la mawaya ndi laling'ono.

Motero mlimi uja amabwereranso ku tauni, ulendo uno akukankha. Malo okonzera njinga pa Milange sasowa: kashedi ka malata, nthaka yakuda bii ndi oyilo, anyamata awiri kapena atatu ophunzira ntchito, ndi mmisiri wamkulu amene kuno amamutcha mestre. Koma amisiri ali pawiri. Alipo ena amene njinga ikangofika amayamba kutuma mwini wake ku sitolo: kaguleni pulagi, yakana, kaguleni koyilo, yakana, kaguleni CDI, yakanabe. Pofika madzulo ndalama za feteleza zatha, njinga ili chigonere. Ndiye alipo ena odekha, amene sagulitsa kanthu asanapeze pamene pafera moto. Chida chawo chachikulu ndi kababu kolumikizidwa ku mawaya awiri, ndipo amene zinthu zikuwayendera amakhalanso ndi kamita koyezera mphamvu ya magetsi.

Mmisiri wotere amayamba wafunsa ngati sing'anga wa ku chipatala. "Bambo, inayamba liti? Imazima ikatentha kapena ikanyowa? Mukakhotetsa chiwongolero, nyali imaphethira?" Akamva mayankho amachotsa mpando ndi thanki, n'kuitana mwini wake kuti adziwonere yekha.

Zimene zimapezeka pamenepo n'zomvetsa chisoni. Njinga imene yadutsa m'manja mwa anthu anayi imakhala ndi zipsera za anthu anayiwo. Pena waya anaduka, wina anangopotokola nsonga ziwirizo n'kukulunga ndi kajumbo. Pena anamanga ndi mphira ya chubu. Pena pali waya wa m'nyumba, pena wa wailesi yakufa. Pamalo pa fyuzi pali kawaya ka mkuwa kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Aliyense anakonza kuti akafike kunyumba tsiku limenelo, n'kusiyira mnzake wotsatira.

Kuti munthu amvetse zimene mmisiri akufufuza, ayenera kudziwa kuti magetsi a njinga zimenezi amachokera pamalo amodzi koma amayenda njira ziwiri. Kasupe wake ndi magineto, chigudumu cha maginito chimene chili kumanzere kwa injini, chozungulira pa timakoyilo ta waya wa mkuwa. Injini ikamazungulira, timakoyiloto timapanga magetsi. Njira yoyamba imapita ku kabokosi kakuda kotchedwa CDI, kuchoka apo ku koyilo ya pansi pa thanki, mpaka ku pulagi, kumene kumathetheka moto woyatsa petulo. Njira yachiwiri imapita ku rekitifaya, kachitsulo ka mizeremizere kamene kamaweta magetsi kuti asapyole muyeso, n'kuwatumiza ku batire, ku nyali, ku hutala ndi ku maindiketa.

Apa ndi pamene pagona bodza la kabatire lija. Pa njinga zambiri za mtundu uwu, njira yoyambayo siidalira batire. Ngakhale batire itafa, munthu akaponda kiki njinga imayenera kulira. Choncho ngati ikukana kulira ndi kiki, batire yatsopano siichiza. Ndipo ngati batire yakaleyo inafa chifukwa njira yachiwiri siikuidyetsa, kapena ikuidyetsa mopyola muyeso, yatsopanoyo idzafanso imfa yomweyo mwezi usanathe. Wogula ayenera kufunsa chimene chinapha batireyo.

Pofufuza njira yoyamba, mmisiri amamasula pulagi, n'kuibwezera m'chipewa chake, n'kuigunditsa pa chitsulo cha injini kutali ndi petulo. Mnyamata akaponda kiki, pa kamwa pa pulagi payenera kuthetheka moto wa buluu, wolira kuti tse tse. Ukakhala wofiirira ndi wofooka, kapena osaoneka n'komwe, ulendo wobwerera m'mbuyo wayamba. Amayeretsa pulagi ndi kuona mpata wa pakamwa pake, umene pa njinga zambiri zotere umakhala mamilimita 0.6 kapena 0.7. Amaona chipewa ngati chili ndi mng'alu wolowera madzi. Akatero amatsata waya uliwonse mpaka ku magineto.

Mitundu ya mawaya imamuthandiza. Injini za njinga zambiri za ku China zinatengera ya Honda CG125, imene inatuluka koyamba mu 1975, ndipo mitundu ya mawaya inatsatiranso ya Honda. Wofiira umachokera ku batire. Wakuda umatenga magetsi kiyi akatsegulidwa. Wobiriwira ndi wobwezera magetsi ku chitsulo cha njinga, umene tsidya lino amati massa, ku Malawi amati earth. Wakuda wa mzere wachikasu umapita ku koyilo ya pulagi. Wakuda wa mzere woyera ndiwo umazimitsa injini munthu akatseka kiyi. Pa ma Yamaha mitundu ndi ina: kumeneko wa massa ndi wakuda. Mmisiri amene saziwerengera zimenezi amaotcha zinthu za eni ake.

Waya wakuda wa mzere woyera uja wasaukitsa anthu ambiri. Ntchito yake ndi kuthira moto wa pulagi ku chitsulo pamene mwini wake wafuna kuzimitsa. Koma ukanyuka n'kukhudza chitsulo wokha, kapena madzi akalowa m'chibowo cha kiyi, umazimitsa njinga popanda woutuma. Mmisiri wodekha amangouzula pa CDI n'kuponda kiki. Moto ukabwerera, ndiye kuti koyilo ndi CDI zilibe mlandu. Vuto lili pa kiyi kapena pa wayawo, ndipo mankhwala ake ndi tepi ndi kuyeretsa basi. Anthu ambiri anagula CDI yatsopano pa matenda a kachidutswa ka tepi.

Njinga zakalekale, zonga zija ankakwera alangizi, zina zilibe CDI. Zili ndi mapointi, timilomo tiwiri ta chitsulo m'kati mwa magineto timene timatseguka ndi kutsekeka. Timeneti timafuna kupalidwa ndi sandipepa wosalala ndi kuikidwa mpata woyenera. Zambiri mwa njinga zimenezo magetsi ake ndi a mavoti 6, pamene za masiku ano ndi a mavoti 12. Babu ya 12 pa njinga ya 6 imangofiira ngati khala, ndipo ya 6 pa njinga ya 12 imapsa nthawi yomweyo.

Njira yachiwiri imayezedwa pa batire. Batire ya mavoti 12 imene ili bwino, njinga itazima, imaonetsa pafupifupi 12.6 pa mita. Injini ikalira n'kuonjezeredwa moto, nambalayo iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kukwera, batire sikulandira kanthu, ndipo mmisiri amayang'ana timakoyilo ta m'magineto, rekitifaya ndi mawaya a pakati pake. Ikapyola 15, rekitifaya yasiya kuweta: mababu amapsa njinga ikathamanga, ndipo madzi a m'batire amawira mpaka kuuma. Kugula mababu osasintha rekitifaya kuli ngati kutungira madzi m'dengu.

Koma nthawi zambiri wolakwa sakhala chitsulo chodula. Amakhala waya wobiriwira uja. Magetsi amafuna njira yopitira ndi yobwerera, ndipo yobwererayo imathera pa kabawuti komangidwa ku chitsulo cha njinga. Pakachita dzimbiri, magetsi amasochera: munthu akaponda buleki indiketa n'kuyaka, akaliza hutala nyali n'kuthima. Ena amafika poganiza kuti njinga yawo yalodzedwa. Mmisiri amamasula kabawutiko, n'kupala mpaka chitsulo chiyere mbee, n'kumanganso molimba, ufiti wonse n'kutha. Malo ena obisalira matenda ndi pakhosi pa njinga, pamene mtolo wa mawaya umapindika nthawi iliyonse chiwongolero chikakhota. Pamenepo waya amaduka m'kati, khungu lake lili bwinobwino kunja.

Dziko la Milange nalonso siliwachitira chifundo mawaya. Pakati pa Mulanje ndi Tumbine mvula imagwa yambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi chiperoni chimanyowetsa chilichonse. Anthu a kuno sanaiwale m'mene Tumbine anagumukira mu Januwale 1998, ngakhalenso namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Njinga imene imawoloka mitsinje tsiku ndi tsiku, n'kumasambitsidwanso mu mtsinje momwemo, madzi amalowa m'malo olumikizira mawaya, mkuwa n'kuchita zobiriwira ngati ndere. Pamenepo pamafunika kuzula, kupala, kupaka girisi pang'ono ndi kubwezera.

Enanso matenda amaitanidwa ndi eni ake. Wina amaonjezera nyali zinayi zamitundumitundu, wailesi ya zimkuzamawu ndi potchajira mafoni a mudzi wonse, zonsezo pa magineto amene anapangidwira nyali imodzi ndi hutala. Wina batire ikauma amathiramo madzi a pachitsime kapena asidi, pamene imafuna madzi a batire okha, aja osungunulidwa bwino ogulitsidwa m'mabotolo. Choopsa kuposa zonse ndi fyuzi ya waya ija. Fyuzi inapangidwa kuti izifa m'malo mwa njinga: mawaya akagundana, iyo imaduka, moto n'kuthera pomwepo. Ikalowedwa m'malo ndi waya wokhuthala, chimene chimapsa ndi mtolo wonse wa mawaya, ndipo mtolowo umadutsa pansi pa thanki ya petulo, pakati pa miyendo ya wokwera.

Ntchito yotsata mawaya imadya tsiku lathunthu, ndipo mwini njinga amatopa kukhala pa benchi. "Amisiri, bwanji osangolumikiza pompo kuti ndizipita?" Yankho la mmisiri wabwino limakhala lomwe lija la makolo, lakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Polumikiza pamafunika kusenda bwino, kumata ndi mtovu wosungunula, ndi kukulunga ndi tepi yeniyeni. Mawaya akakhala kuti aonongeka ponseponse, kuli bwino kugula mtolo wonse watsopano wa mtundu wa njingayo kusiyana ndi kumangoika zigamba.

Pali waya winanso wosaoneka umene umazimitsa njinga pa malo oipa, ndiwo mapepala. Pano ndi pa malire, ndipo njinga zobedwa zimawoloka mbali zonse ziwiri. Ku Malawi anyamata a kabaza akhala akuvulazidwa ndi kuphedwa kumene chifukwa cha njinga zawo. Wogula aone livrete ndi chikalata cha umwini, ayerekeze nambala zolembedwamo ndi zimene zinadindidwa pakhosi pa njinga ndi pa injini. Nambala yopalidwa kapena yodindidwa kawiri ndi chenjezo lokwanira. Pogulana palembedwe kalata, pakhale mboni, ndipo mfumu kapena mlembi wa dera adziwe. Amene akupita nayo ku Malawi akumbukire kuti a MRA pa Muloza amafuna msonkho wake, ndipo njingayo iyenera kukalembetsedwa kumeneko. Mtengo wotsika kwambiri nawonso ufunsidwe chifukwa chake, pakuti safunsa anadya phula.

Tsono amene akupita kukagula njinga yakale asapite yekha, ndiponso asapite ndi khutu lokha. Atenge mmisiri amene si mnzake wa wogulitsa. Afike m'mawa injini isanatenthetsedwe, chifukwa njinga yodwala imabisa matenda ikatentha. Ayatse nyali yaikulu ndi yaing'ono, alize hutala, ayese maindiketa ndi nyali ya buleki, injini ili chilirire. Akhotetse chiwongolero uku ndi uku akuyang'ana ngati nyali ikuphethira. Aonjezere moto aone ngati babu ikuwala mopyola muyeso. Atsegule pa fyuzi. Ndipo avundukule mpando. Wogulitsa akakana kuti mpando uchotsedwe, wayankha kale funso lonse.

Zimenezi sizitanthauza kuti njinga yakale ndi yoipa. Ya injini yabwino ndi mawaya oipa ikhoza kukhala malonda abwino zedi, malinga wogula adziwe zimenezo asanapereke ndalama, atsitse mtengo, n'kusungako zina zokonzetsera. Imene imagwetsa munthu m'dzenje ndi yogulidwa pa mtengo wa yamoyo pamene ili yodwala.

Dzuwa likamalowa, mthunzi utayamba kukwera m'phiri la Tumbine, m'mashedi muja ndi pamene ntchito ya tsikulo imayesedwa. Mmisiri amalozetsa njinga ku khoma, mnyamata n'kuponda kiki kamodzi. Nyali ikagwa pakhomapo yoyera, osaphethira ngakhale chiwongolero chikhotere mbali zonse, mlimi uja amamasula kansalu kake n'kulipira. Pa fyuzi pali fyuzi, ina yapadera ili m'thumba la malaya pamodzi ndi pulagi. Amatsanzika, n'kulowa njira ya fumbi ya kwawo, kuwala kuli patsogolo pake.

Chaka chino nandolo akagulitsidwa, enanso ambiri adzatsika ku Milange ndi ndalama m'kansalu. Asanazimasule, ayambe avundukula mpando.